Dzanja Limodzi M'thumba

Munthu akakwatira mwana wa woyimba gitala amayesa kuti wapeza nyimbo zaulere. Waya anapeza ampulifaya.

Dzina loti Waya anam'patsa ndi anthu a mumsewu umene munali kashopu kake, pakati pa wometa ndi telala, chifukwa anali woonda komanso ankangokhalira kulumikiza nthambo m'mawailesi a anthu. Apongozi ake aamuna aliyense ankawatchula kuti a Solo. Anayamba kuyimba gitala m'mabandi Waya asanabadwe, ndipo mpaka pano Loweruka lililonse ankayimbabe pa hotela ina ndi bandi imene anaiyambitsa okha.

Ampulifaya yawoyo inali chibokosi chakuda cholemera ngati thumba la simenti, nsalu yakutsogolo itang'ambika pakona, chogwirira chake chomangidwa ndi lamba wa thalauza. Malemu apongozi aakazi ankaitchula kuti Mai Aang'ono, ati poti ndi imene inkapukutidwa m'mawa uliwonse, ndiponso ndi imene inkakhala mpando wakutsogolo m'galimoto. Iwo anamwalira, Mai Aang'ono anatsala, dzina n'kukhazikika.

Kumbuyo kwa Mai Aang'ono kunali mavalavu awiri aakuluakulu, mababu agalasi aja amene ankapereka mphamvu m'mawailesi akale. Awiriwa anali otsiriza m'katoni imene a Solo anagula akadali ndi tsitsi. Ndipo mkuluyo analumbira pamaso pa banja lonse kuti tsiku limene mavalavu amenewa adzazime, iwonso apachika gitala. "Za masiku ano zija sizilowa m'mimba mwa Mai Aang'ono," ankatero. A Solo akalumbira, ngakhale abusa ankangopita kwawo.

Tsono mkati mwa bokosimo muli kasikulu kakang'ono kamene amisiri amati bayasi. Kali ngati mpopi, ndi kamene kamalamula kuchuluka kwa magetsi amene mavalavu azimwa. Ukakatseka kwambiri mavalavu amazizira, mawu n'kumatuluka okhakhala ngati a munthu wa chifuwa. Ukakatsegula kwambiri mawu amakoma ndithu, koma zitsulo za mkati mwa galasi zimafiira ngati makala, mavalavu n'kupsa. Pakatipo pali malo ake oyenera, ndipo malowo sapezeka ndi khutu kapena ndi maloto. Amapezeka ndi mita yoyezera magetsi.

Kwa chaka chathunthu a Solo ankabwera nawo Mai Aang'ono ku shopu mwezi ndi mwezi, ngati mayi wa kusikelo.

"Akamwini, atha mawu awa. Akulankhula ngati afunda bulangete. Tsegulani kasikulu kanu kaja, mukuwamana magetsi."

Waya ankatsegula bokosi, n'kulumikiza mita, muvi n'kuima pamalo pake penipeni. Ankapukuta fumbi, n'kutseka, n'kunena kuti wakonza. A Solo ankapita, mwezi wotsatira n'kubweranso ndi bulangete lomwe lija. Kwa anzawo ankati mwana wawo anakwatiwa ndi mmisiri wa matochi.

Matenda enieni ankadziwika ndi aliyense. Foni inkalira m'thumba mwa a Solo mpaka basi yonse kutembenuka, iwo n'kumatembenuka nawo, kufuna kuona wopanda khalidweyo. Ketulo inkaimba mluzu mpaka madzi kuphwa iwo ali chikhalire pambali pake. Mawu okhuthala ankawamvabe, makamaka ukamawayang'ana kumaso, koma mawu onse akuthwa, amene ndiwo mchere wa gitala, anali atawathawa. Bulangete linalipo ndithu, koma silinali pa Mai Aang'ono.

Nanga awauze ndani? Waya anayesa kwa mkazi wake tsiku lina akuchapa.

"Amayi, ndi bambo anu aja. Auzeni."

"Ine? Ndiwauze kuti agontha? Anandibereka aja, mwaiwala? Inu ndinu amisiri, pezani mawu achimisiri."

"Mawu achimisiri a kugontha ndi kugontha komweko."

"Ndiye neneranitu, poti mukuwadziwa," anatero mkaziyo, n'kupitiriza kufikisa kolala ya malaya ngati ndi imene yamulakwira.

Umu ndi mmene zilili ndi akamwini. Kunyamula mipando pa maliro, akamwini. Kukwera padenga mvula ikadontha, akamwini. Koma ukatsegula pakamwa kuti unene chilungamo, amakukumbutsa kuti ndiwe wobwera. Khoswe anali atakhala pa mkhate, ndipo Waya analibe mtima woponya mwala.

Lachinayi lina m'mawa kunabwera Tayi. Ameneyu ndiye ankatsogolera bandi masiku amenewa, woyimba kiibodi, wovala tayi ngakhale kutenthe chotani. Analowa m'shopu mosuzumirasuzumira, n'kukhala pa wailesi yakanema ya mwini wake ngati ndi mpando.

"Bwana Waya, tili pamoto," anayamba motero. "Madala akutithamangitsira anthu. Mabatani onse a mawu akuthwa amawapotokola mpaka kumapeto, matambula pa matebulo n'kumanjenjemera. Mlungu watha mayi wina anatuluka atanyamula mbale yake kukadyera panja. A hotela ati tikonze kapena tisiye."

"Auzenitu."

"Aa, ine? Anandiphunzitsa nyimbo ndi iwowo! Ndingayambire pati?"

Waya anaseka chamumtima. Uyu anaphunzitsidwa, uja anaberekedwa. A Solo anachitira anthu zabwino zambiri moti panalibenso wotsala woti n'kuwauza zoona.

Tayi anasendera pafupi, n'kutsitsa mawu. "Ndamva kuti mawa abwera nayonso. Inu musalimbane nawo. Akati tsegulani, tsegulani. Mukapotokole kasikuluko mpaka kumapeto. Mababuwo akapsa okha, palibe wolakwa. Madala analumbira okha kuti apachika gitala. Apuma mwaulemu, ife tiwagulira keke, tilankhula mawu abwino. Aliyense wapulumuka."

"Ndiye kuti kupha ndiphe ine, maliro mulire inu."

"Mawu anuwo ndi olemera, bwana. Ine ndikungoti mumvere apongozi anu. Kumvera akulu kunayamba liti kukhala tchimo?"

Tayi atapita, Waya anakhala akuyang'ana khoma. Choipa cha malangizo a munthu woipa n'chakuti nthawi zina amakhala ogwira mtima. Kupotokola kamodzi kokha, basi. Sakanadzasenzanso chibokosi chija, sakanadzatchedwanso mmisiri wa matochi, ndipo palibe akanatchula mawu oti kugontha. Komanso kukanakhala kumvera, monga ananenera mlaliki wa tayi uja. Koma Waya ankakumbuka tsiku la ukwati wake, a Solo ataimirira patsogolo pa Mai Aang'ono, gitala ikulira mpaka azakhali okalamba kutaya ndodo. Mkuluyo anali wovuta, wamwano, wosathokoza. Koma Waya ankamukonda, ndipo zinkamunyansa kuti ankamukonda.

Lachisanu a Solo anafika dzuwa litakwera, gitala kumsana, Mai Aang'ono pa wilibala ya munthu waganyu. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo, mkazi wa Waya, amene anamutenga kuti akhale mboni. Pasanapite nthawi Tayi nayenso anatulukira, ati amangodutsa. Msewu umenewu sunkapita kulikonse, koma iye amangodutsa.

"Lero, akamwini, za mita zija ayi," a Solo analengeza mokweza, monga amalankhulira anthu osadzimva. "Ine ndiziyimba, inu muzipotokola. Ndikati basi, ndiye basi. Khutu ili lagwira ntchito zaka zambiri kuposa kawotchi kanuko."

Waya anakweza bokosi pa tebulo, n'kumasula thabwa lakumbuyo. Analumikizabe mita, n'kuiika pambali pamene iye yekha akanaiona. Anayatsa, n'kudikira kuti mavalavu afunde. Kenako anatenga sikuludiraiva ya chogwirira cha pulasitiki m'dzanja lamanja, dzanja lamanzere n'kulilowetsa m'thumba la thalauza.

"Waona?" a Solo anatembenukira kwa mwana wawo. "Waona mwamuna amene unasankha? Ine ndikulankhula, iye dzanja m'thumba ngati bwana wa banki. Nthawi zonse amatero. Ine apongozi anga ndinkawalankhula manja ali kumbuyo."

Nkhani ya dzanjayi Waya anali ataifotokoza kambirimbiri. M'mimba mwa ampulifaya ya mavalavu mumakhala magetsi oti n'kupha munthu, ndipo ena amatsalira momwemo ngakhale utazimitsa. Ukalowetsamo manja onse awiri, magetsi amalowera dzanja ili n'kutulukira linalo, njira yake n'kudutsa pamtima. N'chifukwa chake mmisiri amagwira ndi dzanja limodzi, linalo n'kulitsekera m'thumba kuti lisachite chidwi. Koma nthawi zonse Waya ankafotokoza zimenezi mutu uli m'bokosi, atawafulatira apongozi ake. Ndiye kuti chaka chonse ankaphunzitsa mavalavu.

A Solo analumikiza gitala, n'kupotokola mabatani onse akutsogolo mpaka kumapeto, n'kuima pafupi ndi sipika ngati akufuna kuinong'oneza. Anatsinzina, zala n'kuyamba kuyenda. Zala zokha zinalibe mlandu. Zinkathamanga pa nsambo ngati za mnyamata.

"Onjezani!"

Waya anapotokola pang'ono. Muvi wa mita unasuntha kuchoka pamalo pake.

"Onjezani, akamwini! Kodi magetsiwo mukulipira ndinu?"

Ankalipira ndi iyeyo, koma anapotokolanso. Muvi unakwera. Fungo la fumbi lopsa linayamba kutuluka m'bokosi. Pakhomo Tayi ankagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene akumva ulaliki womukomera.

"Bulangete likadalipo! Onjezani!"

Apa mpamene Mai Aang'ono anakuwa. Gitala inali pafupi kwambiri ndi sipika, mabatani ali kumapeto, ndiye panabuka chimluzu chakuthwa, chopyapyala, chosalekeza, cholowa m'mano. Galu amene ankagona pakhonde la telala anadzambatuka n'kuliyatsa liwiro. Telala anatulukira pakhomo tepi ili m'khosi. Wometa anabwera ndi kasitomala wake yemwe, mutu wometedwa mbali imodzi. Onse zala m'makutu. Mkazi wa Waya zala m'makutu. Tayi zala m'makutu, koma chibwano chikulozabe kwa Waya kuti pitirizani, bwana, pitirizani.

A Solo anali chitsinzinire, akumwetulira pang'ono, akuyimba nyimbo yawo mwamtendere ngati ali m'munda wa maluwa.

Waya yekha ndiye analibe chotsekera makutu. Dzanja lina linali pa sikuludiraiva, lina m'thumba, misozi ikulengeza chifukwa cha phokoso. Anasuzumira m'galasi la valavu lakumanja. Pachitsulo chotuwa cha mkati panali patatuluka kadontho kofiira, ndipo kankakula akukaona. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Panangotsala kupotokola pang'ono, kapena kungoima osachita kanthu, ndipo zonse zikanatha mwaulemu, ndi keke yomwe.

"Onjezani!"

Waya anabweza kasikulu kaja mmbuyo, n'kuzimitsa.

M'shopu munagwa bata loti ziii. A Solo anatsegula maso ali okwiya kale, chifukwa pansi panasiya kunjenjemera.

"Ndani wakuuzani kuti muzimitse? Ine ndati..."

Sanamalize. Anaona anthu atadzaza pakhomo, aliyense akutulutsa zala m'makutu mwakachetechete ngati wakuba amene akubweza chinthu pa shelefu. Anaona mwana wawo. Anaona misozi pa masaya a mkamwini wawo.

Wometa, amene pakamwa pake sipanakhalepo ndi chitseko, ndiye anayamba. "Madala, chimluzu chimenecho mufuna mutigonthetse tonse?"

"Mluzu wanji?"

Eee. Telala anakumbuka mwadzidzidzi kuti wasiya simbi pamoto. Wometa anakoka kasitomala wake n'kubwerera. Mkazi wa Waya anapeza chinthu chofunika kwambiri pa chikhadabo chake. Tayi anayamba kukonza tayi imene inali yokonzeka kale.

"Ndikufunsa," a Solo anatero, mawu atatsika. "Mluzu wanji?"

Waya anaika sikuludiraiva pansi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhani imeneyi anatembenuka n'kuwayang'ana apongozi ake kumaso, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti aone pakamwa.

"Bambo, Mai Aang'ono alibe matenda. Sanadwalepo chaka chonsechi. Panopa amakuwa mluzu woti galu wathawa, inu osaumva. Mawu akuthwa amatuluka onse, koma safika kwa inu. Ndi makutu, bambo. Mundikhululukire."

A Solo anakhala pansi pa kampando ka makasitomala, gitala ili pamiyendo. Waya anadikira bingu, ndipo anali atayamba kale kuganiza za kumene akagone usiku umenewo.

"Iwe unkadziwa?" mkuluyo anafunsa mwana wake.

"Ababa, ine ndimaopa kuti..."

"Unkadziwa. Nanga iwe wa tayi?"

"Madala, ife timangoona ngati mwina..."

"Nawenso unkadziwa. Zikomo kwambiri. Chaka chonse ndikukankhitsa wilibala msewu wonsewu, anthu akundipatsa moni mwaulemu, kumbuyo akuti uyo gonthi wapita kukakonzetsa bokosi. Ulemu wanu ndi wokoma bwanji!" Anamuyang'anitsitsa Tayi kuyambira ku nsapato mpaka ku mfundo ya pakhosi. "Ndipo iwe lero wadzatani kuno?"

"Ndimangodutsa, madala."

"Wafulumira kubwera pa maliro mwini wake asanafe."

Waya sanaulule za Lachinayi lija. Panalibe chifukwa, mkuluyo makutu okha ndiwo anatha.

Kenako a Solo anatembenukira ku bokosi lija, ndipo nkhope yawo inasintha. Mwano wonse unachoka, panatsala mantha okhaokha. "Ndawapha?"

"Sindikudziwa, bambo. Valavu limodzi linafiira. Tidikire azizire, tione."

Anadikira. Kwa wometa makina anayambanso kulira. Mavalavu atazizira, Waya anabwezera dzanja m'thumba, n'kutsitsa mabatani akutsogolo, n'kuyatsa. Timoto tiwiri tating'ono tinayaka m'magalasi. Muvi wa mita unanyamuka mwaulesi, unagwedezeka, n'kuima m'munsi. Waya anapotokola kasikulu pang'onopang'ono, maso pa muvi, mpaka unafika pamalo pake. Anadikirabe, akuyang'ana chitsulo chija. Chinakhala chotuwa.

"Ali moyo," anatero, atatembenuka kuti amuone pakamwa. "Muwapepese, koma ali moyo."

A Solo anapumira m'mwamba. Analoza mita ndi chibwano. "Kawotchi kanuko kamamva?"

"Sikamva, bambo."

"Ndiye tilipo awiri. Kasiyeni kagwire ntchito."

Anaika chikhato pamwamba pa bokosi, n'kukwinya nkhope. "Akungofunda chabe."

"Ndi mmene ayenera kukhalira."

Mkuluyo anaimirira, n'kusendera kutali ndi sipika kumene Waya anawalozera, n'kuyamba kuyimba. Sinali nyimbo ya ku hotela. Inali kanyimbo kofatsa kamene ankayimbira mwana wawo akadali wamng'ono akakana kugona. Mawu anatuluka oyera, okhuthala pansi, akuthwa pamwamba, moti telala anabwereranso pakhomo, ulendo uno manja ali pambali. A Solo sanatsinzine. Ankayang'ana nkhope ya mwana wawo mpaka nyimbo inatha.

"Akumveka bwanji?"

"Ngati kale, ababa," anayankha akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Chotsa nsaluyo pakamwa, ndione. Bwereza."

"Ngati kale."

A Solo anagwedeza mutu. "Kwa ine bulangete likadalipo," anatero. "Chabwino. Muzimva inuyo."

Anavula gitala, n'kuloza mabatani akutsogolo. "Akamwini, awa muwamate ndi tepi pomwe alipa, kuti zala zangazi zisamayende usiku. Iwe wa tayi, Loweruka ndibwera. Ndikawakuwitsa Mai Aang'ono, undikodole. Ndikasochera, undikodole. Ndipo tsiku limene udzafune kundichotsa, usadzatume mababu. Udzabwere wekha, udzaime apa, udzandiyang'ane kumaso kuti ndione pakamwa pako."

"Madala, ife sitingaganize n'komwe zoti..."

"Watembenukira kumbali, sindikumva."

Waya anazimitsa ampulifaya, anatsitsa magetsi otsalira, n'kumanga thabwa lakumbuyo. Anamata tepi pa mabatani, limodzilimodzi. Atamaliza anapeza apongozi ake ataima patsogolo pake, akumuyang'ana m'chiuno. Dzanja lija linali likadali m'thumba, mwachizolowezi.

"Bambo, dzanjali ndimaliika muno chifukwa magetsi a m'bokosimu..."

"Amadutsa pamtima. Ndikudziwa. Ndinayamba kutsegula bokosi limeneli inu muli kumsana." A Solo anatambasula dzanja lawo lamanzere, la zala zolimba nsonga chifukwa cha nsambo, limene sankapatsa munthu aliyense moni. "Koma pano mwazimitsa. Tulutsani dzanjalo, ndine mpongozi wanu."